Zikomo nonse amene mwasenza nafe chisankho cha yuniyoni ya ophunzira

Mavoti awerengedwa, opambana alengezedwa, ndipo amene sizinawayendere asayina mapepala a zotsatira n'kugwirana chanza ndi anzawo. Ife a komiti yoyendetsa chisankho taona kuti sibwino kungoti zii ngati zonsezi zinagwa kumwamba. Pali anthu amene anagwira ntchito zosaoneka, ndipo ntchito zimenezo ndi zomwe zachititsa kuti wogonja avomere kuti wagonjadi. Tikufuna kuwathokoza potchula chimene aliyense anachita, kuti komiti ya chaka chamawa isadzayambirenso pansi.

Tiyambe ndi a ku ofesi ya Registrar, amene munatipatsa kaundula wa ovota nthawi ikadalipo. Ambiri amaganiza kuti chisankho chimasokonekera powerenga mavoti, koma kawirikawiri chimayamba kudwala m'kaundula. Muli ophunzira amene analembetsa mochedwa podikira ngongole ya fizi, ena anaimitsa kaye sukulu, ena akubwereza chaka ndipo dzina lawo limapezeka kawiri, pomwe ena ali kunja kwa sukulu kokaphunzira ntchito. Kaundula akatuluka m'mawa wa tsiku lovota, onsewa amadzakangana pakhomo la holo, mzere n'kuima. N'chifukwa chake amayenera kumatidwa sabata yathunthu chisankho chisanafike, pa laibulale, pa kafeteriya ndi m'mahositelo, kuti aliyense adzione yekha. Ndipo munthu amafufuzidwa ndi nambala yake ya sukulu, osati dzina. A Banda ndi a Phiri alipo angapo m'kalasi iliyonse, ena mpaka dzina loyamba n'lofanana.

Zikomo anzathu amene munakhala pa matebulo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Masamu a mzere ndi osavuta, koma amaiwalika. Ngati wovota mmodzi amatha mphindi 2 pa tebulo, kuonetsa chiphaso, kupezedwa m'kaundula, kudindidwa inki ndi kulandira mapepala, tebulo limodzi limathandiza anthu 30 pa ola, kapena 300 pa maola 10. Sukulu ya ovota 3,000 ikufunika matebulo 10, apo ayi anthu amatopa n'kubwerera, makamaka ogona kunja kwa kampasi amene safuna kuyenda usiku. Munagawa kaundula motsata nambala n'kulemba zikwangwani zazikulu, kotero palibe anaima pa mzere wolakwika kwa ola lathunthu. Munakumbukiranso kupukuta chala musanapake inki, poti alipo ochenjera amene amadzola mafuta kuti inkiyo ikachoke msanga, ndipo munapaka m'mphepete mwa chikhadabo momwe sopo safikamo. Anzathu osaona anabwera ndi owathandiza odzisankhira okha, ndipo malo ovotera anali pansi, opanda masitepe. Zimenezi zisadzasinthe.

Kwa amene munasindikiza mapepala ovotera: mpando uliwonse unali ndi mtundu wake wa pepala, zomwe zimachepetsa kuponya voti ya msungichuma m'bokosi la pulezidenti. Zithunzi zinathandiza, pakuti opikisana ambiri amadziwika ndi mayina a pa kampasi amene sali pa chiphaso. Nambala inali pa kachidutswa kotsalira m'buku, osati pa pepala lopita m'bokosi, kuti wina asadzalondole kuti uje anavotera yani. Pepala lililonse linadindidwa kumbuyo pomwe likuperekedwa, osati dzulo lake. Mulu wa mapepala odindiratu ukasowa, palibenso njira yosiyanitsira voti yeniyeni ndi yolowera pawindo.

Mamonita a opikisana, inu ndiye mwagwira ntchito yotopetsa kuposa onse, ndipo ena mwa inu munatikwiyitsa ndithu ndi mafunso. Pitirizani. Munaona bokosi lililonse lili lopanda kanthu lisanatsekedwe, munalemba manambala a zomatira, munawerenga nafe mapepala tisanayambe, ndipo simunachoke mpaka zotsatira zitamatidwa pakhomo. Wopikisana wopanda monita amadalira mphekesera za pa WhatsApp, ndipo paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Pa kawerengedwe tikhalitsepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene mitima imakwera. Mabokosi sanyamulidwa kupita kwina. Amatsegulidwa pomwe anthu anavotera, onse akuona. Musanayang'ane kuti ndani wapeza zingati, yambani mwayanjanitsa manambala: mapepala amene munalandira m'mawa afanane ndi ogwiritsidwa ntchito, kuphatikiza owonongeka asanaponyedwe ndi otsala, ndipo mapepala a m'bokosi afanane ndi mayina ochongedwa m'kaundula. Zikasiyana, imani pomwepo, fufuzani, lembani. Nthawi zambiri pamakhala kuti wina waponya pepala m'bokosi la mpando wina, kapena watuluka nalo m'thumba. Kenako pepala lililonse limakwezedwa m'mwamba, dzina n'kutchulidwa mokweza, mapepala n'kumangidwa m'mitolo ya 50 kuti kubwereza kusavute. Za voti yowonongeka zimagwirizanidwa chisankho chisanayambe: wochonga anthu awiri, wolemba dzina lake kapena mawu achipongwe, wosiya pepala loyera. Mukadikira kuti mukambirane zimenezi pamene awiri asiyana ndi mavoti ochepa, aliyense amaona chimene chikumukomera.

Munthu akalakwitsa nambala pa pepala la zotsatira, amadula ndi mzere umodzi kuti yakaleyo izionekabe, kulemba yolondola pambali, mamonita onse n'kusayina. Tipp-Ex asayandikire n'komwe. Tonse tikukumbukira kuti pa 3 February 2020 khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha pa 21 May 2019, ndipo nkhani ya mapepala ofufutidwa inali pakamwa pa aliyense. Chigamulo chomwecho chinanenanso kuti wopambana pa mpando wa pulezidenti wa dziko apeze mavoti oposa theka. Ichi chimasokoneza ophunzira ena, amene amaganiza kuti lamuloli limagwiranso ntchito pa yuniyoni. Chisankho cha ophunzira chimatsata malamulo a yuniyoni yawo, ndipo ngati malamulowo akuti wopeza mavoti ambiri ndiye wapambana, ndi momwemo ngakhale opikisana atakhala asanu. Wofuna kusintha apite nazo ku msonkhano waukulu wa ophunzira, osati usiku wowerenga mavoti. Tithokozenso amene munabwereka nyali za sola ndi matochi. Magetsi akazima bokosi lili lotsegula, mphindi imodzi ya mdima imakwanira kuipitsa ntchito ya tsiku lonse, ngakhale palibe wakhudza kanthu.

Tsopano kwa inu opikisana, opambana ndi ogonja omwe. Chimene tikukuthokozerani kwambiri ndi mfundo zimene munabwera nazo. Manifesito a ophunzira ali ndi matenda ake akale: kulonjeza zinthu zimene yuniyoni ilibe nazo mphamvu. Fizi ya pa yunivesite ya boma imakhazikitsidwa ndi khonsolo ya yunivesiteyo. Ngongole za ophunzira zili m'manja mwa Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2015. Mtengo wa nsima ndi ndiwo umatsata msika, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 palibe pulezidenti wa ophunzira akanaletsa mbale kukwera. Woima pa nsanja n'kunena kuti atsitsa fizi amaomberedwa m'manja usiku umenewo, koma pakatha miyezi itatu anzake omwewo amamutcha wogulidwa.

Ambiri mwa inu munasiyanitsa bwino zinthu zitatu. Pali zimene yuniyoni ingachite yokha ndi ndalama zimene ophunzira amasonkha: masewero, zisangalalo, thumba lothandiza amene chakudya chawathera pakati pa semesita, ndi kumata poyera lipoti la ndalama semesita iliyonse, malisiti ali pomwepo. Pali zimene ingakankhe kwa akuluakulu a sukulu m'misonkhano momwe ophunzira ali ndi mpando: kuti laibulale izitseka mochedwa nthawi ya mayeso, kuti intaneti ifike m'mahositelo, kuti dandaulo la magiredi osowa liziyankhidwa m'masiku odziwika, kuti wochitidwa nkhanza zokhudza kugonana akhale ndi kokanena kosadutsa kwa amene akumudandaulayo. Ndiye pali zimene ingangolankhulapo, mogwirizana ndi mayuniyoni a masukulu ena. Wovota akamva lonjezo azifunsa kuti lili m'gulu liti, ndalama zake zichokera kuti, wosayina ndani, ndipo zitheka mwezi uti. Mpando ndi wa chaka chimodzi, masemesita awiri okha, ndipo pochotsa masabata a mayeso ndi tchuthi nthawi yogwira ntchito imatsala yochepa zedi. Manifesito ya mfundo 20 ndi chizindikiro choti mwini wake sanawerengere masiku.

Mfundo imene yatigwira mtima ndi ya ogona kunja. Malo ogona pa kampasi sakwanira m'mayunivesite athu ambiri, ndipo kaya ndi ku Chikanda ku Zomba kapena ku Luwinga ku Mzuzu, nkhani zake n'zofanana: lendi yokwera pakati pa semesita, madzi ovuta, kuyenda mumdima pochokera ku laibulale laputopu ili kumsana. Yuniyoni singamange hositelo. Koma ingathe kulemba mndandanda wa nyumba ndi mitengo yake, kukonza chikalata chimodzi cha mgwirizano choti mwini nyumba ndi wophunzira azisayinirana, ndi kukhala pansi ndi mafumu komanso apolisi a m'dera pa za chitetezo. Izi sizikoma kuzimva pa msonkhano wa kampeni ngati "fizi itsike", koma zimatheka. Opambana, musachite manyazi kutola mfundo zabwino za amene mwawagonjetsa.

Amene munatsogolera usiku wa manifesito ndi mtsutso, ntchito yanu inali ngati kuweta mbuzi pamsika. Nthawi yofanana kwa aliyense, wotchi yoonekera kwa onse, mafunso olembedwa pa timapepala n'kutoledwa mwa maere kuti gulu limodzi lisalande maikolofoni, ndiponso kuimitsa wotchi pamene malikhweru ndi mavuvuzela akuphimba wolankhula. Achemwali athu amene munapikisana, tikudziwa kuti mawu ena amene amaponyedwa kwa inu saponyedwa kwa anyamata, ndipo ena amafika pa foni usiku. Munaimabe mpaka kumapeto. Komiti yotsatira iike chilango chomveka pa zimenezi m'malamulo a kampeni, chogwera wopikisana amene otsatira ake achita chipongwe, chifukwa kungodzudzula pakamwa sikuletsa kanthu.

Sitibisa kuti zipani za ndale zimasuzumira pa zisankho za ophunzira, ndipo kumene kwachokera matisheti, zakumwa ndi ma airtime ambiri kumafunika kufunsidwa. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa ovota pa zisankho za dziko, ndipo palibe chifukwa choti pa kampasi tizilekerera. Ichi n'chifukwa chake foni siloledwa m'kachipinda kovotera: wogula voti amafuna chithunzi cha pepala ngati umboni asanalipire. Zikomo ovota amene munasiya mafoni m'matumba osanyinyirika, ndi inu amene simunafunse kuti wopikisana kwawo n'kuti kapena amapemphera kuti.

A Dean of Students, zikomo potipatsa holo, mabokosi ndi mpata, komanso posalowerera pa zotsatira. Abambo achitetezo amene munachezera nafe, amayi amene munasesa holo m'mawa mwake, ndi anzathu a nyuzi za pa kampasi amene munadikira pepala losayinidwa musanaulutse kanthu, Mulungu akudalitseni.

Zotsala ndi izi. Amene ali ndi dandaulo alilembe, aikepo umboni, alipereke m'masiku amene malamulo a yuniyoni amalola. Mapepala onse ovotera amangidwa, amatidwa ndipo asungidwa mpaka nthawi imeneyo itadutsa. Opikisana nonse muchotse mapositala anu m'makoma ndi m'mitengo, guluu ndi misomali yomwe. Atsogoleri otuluka apereke kwa atsopano mabuku a ndalama, malisiti, maminitsi a misonkhano, makiyi ndi mndandanda wa katundu wa yuniyoni, ndipo osayinira ku banki asinthidwe ndalama ina iliyonse isanatuluke. Manifesito a opambana tawamata pa bolodi la pa laibulale, ndipo akhala pomwepo mpaka chisankho chotsatira.