Njerwa za nyumba yanga ku Mitundu

Chaka chomwe achimwene anga ankamanga nyumba yawo, anadula mtengo wa mango wa agogo kuti aotchere njerwa. Unali wa mango a boloma, waukulu moti ana atatu sitinkatha kuuzungulira ndi manja, ndipo pansi pake ndi pomwe tinkatonolera chimanga. Nkhuni zake sizinakwane, anakagulanso ngolo zina. Uvuni unayaka usana ndi usiku, utsi uli tolo mudzi wonse. Atafumula, njerwa za m'mphepete zinali zosapsa, zina zam'kati zitapserera, ndipo mulu wonse wa zoswekasweka unangotayidwa m'dzenje momwe anakumba dothi. Mvula itagwa dzenjelo linadzaza madzi, udzudzu n'kumaswana.

Nthawi imeneyo ndinkangomva chisoni ndi mtengowo. Pambuyo pake ndi pomwe ndinadzamvetsa kuti nyumba imakhala itatulutsa kale mpweya wambiri wa kaboni, womwe umawonjezera kutentha kwa dziko, mwini wake asanagonemo n'komwe. Mpweyawo umatuluka pootcha njerwa, popanga simenti, posungunula zitsulo ndi malata, komanso m'malole onyamula zonsezi. Kumayiko ozizira amadandaula kwambiri za magetsi otenthetsera nyumba. Kwathu kuno nyumba zambiri zilibe zotenthetsera kapena zoziziritsira, choncho gawo lalikulu la kaboni wa nyumba yeniyeniyo limachoka m'zipangizo zomangira.

Mu 2018 boma, kudzera ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la National Construction Industry Council, linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda. Anthu ambiri anathamangira mabuloko a simenti, ndipo lero m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe muli anyamata ambirimbiri oumba mabuloko. Nkhalango zapumako, zimenezo n'zoona. Koma simenti nayo ili ndi mlandu wake. Popanga simenti, miyala ya laimu amaiotcha pa madigiri pafupifupi 1,450, ndipo mwalawo pawokha umatulutsa kaboni ukamapsa, kuwonjezera pa wa malasha ootcherawo. Padziko lonse simenti imatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa kaboni wochokera ku ntchito za anthu. Ine zimandiwawa ndikamva munthu akunena kuti buloko ya simenti ndi yosamala chilengedwe basi, ngati nkhani yathera pomwepo.

Itafika nthawi yanga yomanga, ndinasankha njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikiza pamakina a manja. Amisiri amangoti ma SSB. Dothi lake tinakumba papuloti pomwepo, titachotsa lakuda lapamwamba lija n'kufika pa katondo. Tinalisefa, n'kusakaniza ndi mchenga komanso simenti yochepa, osafika gawo limodzi mwa magawo khumi. Madzi ake ndi ochepa kwambiri. Mmisiri wanga, bambo wachikulire wa ku Nathenje, ankatapa dothi m'dzanja, kulifumbata, n'kuligwetsa pansi. Likamwazika ngati ufa ankati, “Onjezani madzi pang'ono, mayi.” Likangophwatalala lonse osasweka ankati tathira ambiri. Likasweka zidutswa zingapo, ankagwedeza mutu n'kuuza anyamata kuti ayambe kupanikiza.

Chovuta chinali kudikira. Njerwazi amazifunditsa pepala la pulasitiki n'kumaziwaza madzi, ndipo zimafuna pafupifupi masiku 28 kuti zilimbe bwinobwino. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkadzuka ndi ndowa. Gulu limodzi ndinalinyalanyaza sabata yamaliro a azakhali, ndipo njerwa zakezo zinkafumbutuka m'makona ukazikanda ndi chikhadabo. Tinazipatula, zinakamangira khola la nkhuku.

Apongozi anga atabwera kudzaona anafunsa mosabisa, “Mwana wanga, mukufuna kugoneka adzukulu anga m'nyumba ya zidina?” Sindinawaone ngati akulakwa. Tonse tikukumbukira Namondwe Freddy mu Marichi 2023, momwe nyumba zinagwera ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mantha a khoma la dothi ali ndi chifukwa. Ndinawatengera kumaziko n'kuwaonetsa kuti pansi tinayala miyala ndi konkire, khoma linayambira pamwamba ndithu pomwe madzi othamanga safika, ndipo denga tinalitulutsa kunja kuti mvula yowomba isamenye khoma. Ndi nzeru yomweyo ya nyumba ya mdindo ya agogo, yomwe inali ndi khonde lozungulira ndipo inakhala zaka zambiri osang'aluka. Simenti ndinaiika pomwe ikufunikadi, kumaziko, pa malenta ndi pa bimu.

Popeza njerwazi n'zosalala komanso zofanana, matope omangira analowa ochepa, ndipo kunja sitinapake pulasitala. Khoma ndi lofiirira ngati dothi la pabwalo. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, m'chipinda mumakhala mozizirirapo kusiyana ndi nyumba ya lendi yomwe tinkakhala ku Area 36.

Malata ndi zitsulo ndinagula zatsopano, ndipo ndikudziwa kuti mmenemo muli kaboni wambiri yemwe sindinathe kumupewa. Zitseko ziwiri ndi mafelemu a mawindo ndinagula kwa munthu wina yemwe ankagwetsa nyumba yakale. Kalipentala anazipala, n'kutseka mabowo a misomali yakale, ndipo chimodzi mwa zitsekozo ndi cha kuchipinda kwa ana.