Mmene ndinaphunzirira kuphika quesadilla ya nkhuku, nyemba ndi tchizi

Quesadilla yanga yoyamba inathera m'mbale ya galu. Ndinathira nyemba ndi msuzi wake womwe, monga tichitira ndi ndiwo za nsima, ndipo mkate uja unanyowa, n'kung'ambika m'chiwaya, tchizi n'kupserera pansi. Apo m'pamene ndinadziwa kuti chakudyachi ndi msuzi n'zosayenderana.

Kwawo kwa quesadilla ndi ku Mexico, ndipo dzinali linachokera ku mawu a Chisipanishi akuti queso, kutanthauza tchizi. Ndi mkate wopyapyala wotchedwa tortilla, wopindidwa pakati, zabwino zonse zili m'kati. Chapakati ndi kum'mwera kwa dzikolo tortilla amaumba ndi chimanga, kumpoto, monga ku Sonora, amakonda ya tirigu. Ine ndinayesapo ndi mgaiwa koma inangonyenyeka m'manja. Anzathuwo chimanga chawo amayamba achiwiritsa m'madzi a laimu asanachipere, n'chifukwa chake chimagwirana, komanso vitamini B3 wa m'chimangamo thupi limatha kumugwiritsa ntchito. Ufa wathu sudutsa mmenemo. Choncho ndinakhazikika pa tirigu, yemwe amatuluka ngati chapati chopanda mafuta ambiri.

Ntchito imayamba dzulo lake, poviika nyemba. M'mawa ndimataya madziwo, n'kuziwiritsa pa moto wamphamvu kwa mphindi zosachepera 10, kenaka n'kuchepetsa moto kuti zipse bwinobwino. Kubwadamuka koyambako musakunyozere, makamaka pa nyemba zofiira, chifukwa zosapsa zimatsegula m'mimba ndi kusanzitsa. Zikafewa ndimatsanula msuzi wonse (sinditaya, umadikira nsima ya madzulo), n'kuzikazinga ndi anyezi ndi adyo, uku ndikuzinyenya ndi mthiko mpaka zilimbe kuposa chipere. Nyemba zonyenyazi ndizo zimamata zonse pamodzi, moti tchizi sachita kufunika wambiri. Ndi mtengo wa tchizi masiku anowu, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Nyemba zikupsa choncho, ndimakanda makapu 2 a ufa wa tirigu ndi kamchere, masipuni 3 a mafuta ndi madzi ofunda ochepera pang'ono pa kapu. Ndimaphimba kwa theka la ola, apo ayi mtandawo umabwerera ukamaupyapyalitsa. Ndimagawa timibulu 8, n'kutipsinja ndi botolo loyera, n'kuotcha m'chiwaya chouma mpaka timawanga tituluke mbali zonse.

Nkhuku ndimatenga chidale, ndimachipaka mchere, paprika, madzi a ndimu ndi kambuzi pang'ono, n'kuchikazinga. Ofuna muyezo, m'kati mwake mufike madigiri 74. Ine ndimangocheka pokhuthala kuona ngati kufiira kwatha. Ikazizira ndimainyotsola ndi manja. Yotsala dzulo imachitanso bwino.

Tsopano pamene pagona nkhani. Chiwaya chikhale pa moto wapakati. Ngati ndi mbaula, dikirani makala achite phulusa pamwamba. Pa theka la tortilla ndimawaza tchizi wopala pang'ono, kenaka ndimapaka nyemba, pamwamba pake nkhuku, n'kumalizanso ndi tchizi. Tchizi pansi, tchizi pamwamba, kuti agwire mbali zonse ziwiri. Ndimapinda, ndimatsindira ndi chipande, mphindi ziwiri kapena zitatu mbali iyi, chimodzimodzi mbali inayo. Dyera lodzaza kwambiri limandigwirabe mpaka lero, ndipo nthawi zonse zimatayikira potembenuza. Ku Mexico amakonda tchizi wa Oaxaca yemwe amananda ngati ulimbo. Kuno cheddar kapena gouda amakwana. Ikachoka pa moto ndimaisiya mphindi imodzi ndisanaidule.

Mlamu wanga ataiona anati, "Alamu, izitu ndi zongosangalatsa pakamwa, munthu sangagonere." Ndinatenga pepala n'kuwawerengera. Chidale chophika cha magalamu 100 chili ndi mapulotini pafupifupi magalamu 31. Nyemba zophika zolemera chimodzimodzi zili ndi magalamu 8 kapena 9, kuphatikizapo faiba, ayironi ndi vitamini wotchedwa folate. Cheddar ali ndi magalamu 25 ndi kashiamu wochuluka wolimbitsa mafupa, koma gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake ndi mafuta, ndipo makalori ake amafika cha m'ma 400. Mu quesadilla imodzi ndimaika nkhuku magalamu 60, nyemba 50, tchizi 30. Kuphatikiza ndi tortilla, mapulotini amapitirira magalamu 30, makalori ali cha m'ma 450.

Pomwe ndimasamala ndi pa mchere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndipo tchizi amabwera ndi mchere wakewake, ndiye m'nyemba ndimangothira kapang'ono. Pambali ndimaika matimati, anyezi ndi ndimu zosaphika, popeza vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba. Nyengo ya mapeyala ndimanyenyerapo limodzi.

Alamu aja anadya ziwiri, n'kufunsa ngati nsima ikubwera.