Ulendo wathu wa ku Owensboro, ndi nkhani ya a Del McCoury

Abale ndati ndikupatseniko lipoti la momwe tinayendera Loweruka lija, makamaka kwa inu amene munakanika chifukwa cha ma shifiti. Tinanyamuka ku South Bend, Indiana, m'bandakucha anthu naini pa magalimoto awiri, mseu ndi wautali ndithu maola oposa asanu, koma mwayi wake Owensboro ili ola limodzi kumbuyo kwa ife ndiye tinafika nthawi ikadalipo. Azimayi anatenga mandasi ndi tiyi wa mu fulasiki, Mulungu awadalitse.

Malo ake ndi Bluegrass Music Hall of Fame and Museum, m'mbali mwa mtsinje wa Ohio ku Kentucky. Kunena zoona ambiri a ife tinkangoti zonsezi ndi country basi, koma ayi ndithu, bluegrass ilibe ng'oma, ndi zingwe zokhazokha, gitala, banjo, mandolini, vayolini ndi chibesi choimika chija chonga babatoni wa kwathu. Bluegrass anaiyambitsa ndi a Bill Monroe obadwira ku Rosine, kufupi konko.

Pali malo ena amalola alendo kugwira zida, ndiye achimwene ena akuluakulu a gulu lathu anatenga banjo nkukhala pampando, zala zikunjenjemera, nkuyamba kufunafuna kanyimbo kena ka ku mudzi. Akuti ali mwana ankapanga yawo ndi chigubu cha mafuta ndi mawaya a buleki ya njinga. Tonse tinangoti zii. Ndipo titamva kuti banjo anabwera nayo ku America ndi akapolo ochokera ku Africa, ine mtima unandiwawa komanso ndinanyada nthawi imodzi.

Koma amene anandigwira mtima kwambiri ndi a Del McCoury. Mdala ameneyu anabadwa mu 1939, mu 1963 analowa bandi ya a Monroe, anapita ngati woimba banjo koma anamupatsa gitala ndi kutsogolera nyimbo. Kenako anabwerera ku Pennsylvania nkumagwira ntchito yodula mitengo, kuimba kumapeto kwa sabata kokha, zaka ndi zaka osataya mtima, inu amene mumagwira ma dabulo mukumvetsa. M'ma 1980 ana awo awiri analowa bandi, Ronnie pa mandolini ndi Rob pa banjo, mu 1992 anasamukira ku Nashville, mu 2003 analandiridwa ku Grand Ole Opry, pulogalamu yotchuka ya nyimbo za country ya komweko, mphoto ya Grammy anapata mu 2006 ndi ina mu 2014. Ku Hall of Fame anawalowetsa mu 2011. Madzulo ku hotelo tinaonera mavidiyo awo pa foni, onse mu masuti, tsitsi la bambowo loyera mbee, akusinthana pa maikolofoni wina kulowa wina kutuluka osagundana, mawu okwera ngati kwaya ya ku tchalitchi. Bambo kuimba ndi ana ake zaka zonsezi, zimenezi sizichitika wamba.

Ndiye pobwerera tinagwirizana kuti vidiyo siikukwana, tikawaone maso ndi maso. Banjali lili ndi chikondwerero chake chotchedwa DelFest, chinayamba mu 2008, chimachitika kumapeto kwa May ku Cumberland, Maryland, ndipo anthu amagona mu matenti masiku angapo. Amene mukufuna kupita nawo lembetsani kwa asungichuma athu msanga, pemphanitu ma ofu kuntchito, ndipo amene ali ndi tenti yaikulu atiuze.