Tsiku lathunthu linapita chifukwa cha ka adaputa kamodzi

Pano kompyuta yanga ikugwira ntchito, sikirini ikuwala, pulinta ikutulutsa mapepala, koma mtima sunatsikebe ndiye ndati ndilembe ndisanaiwale, mwina wina apulumutsa tsiku lake ndi ndalama zake.

Zinayamba monita yanga yakale itafa. Inali ya VGA, ija pulagi yake imakhala ya buluu ya timapini 15 ndi timasikuluwu tiwiri m'mbali. Ndinapeza ina yatsopano yopyapyala bwino koma kumbuyo kwake kuli bowo la mtundu wina lotchedwa HDMI basi, pomwe bokosi la kompyuta, lija ambiri timangoliti CPU, kumbuyo kwake kuli VGA yokha. Ndiye ndinagula ka adaputa, uku HDMI uku VGA, kusomeka zonse zinalowa bwinobwino osakakamiza. Kuyatsa, fani ikulira, getsi lakutsogolo layaka, koma sikirini ili bii, kamawu kakungoyandama kuti No Signal. Ndinazimitsa ndi kuyatsa kangapo, chimodzimodzi.

Mmawa mwake ndinanyamula bokosi lija ndi mausi kupita nazo kwa wokonza makompyuta wina. Monita, chingwe ndi ka adaputa ndinazisiya kunyumba poti ndimati zatsopano sizingakhale ndi vuto. Anzanga, mukamapita kwa wokonza tengani ndi chingwe chomwe, izi ndizibwerezanso kutsogoloku chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Munthu uja sanandifunse ngakhale funso limodzi la monita. Ndinamuuza kuti achimwene, sikirini sikuonetsa kanthu, iye osayatsa nkomwe anangoti Windows yawonongeka imeneyo akulu, tiika ina, khalani pabenchipo. Ndinakhala. Ola loyamba amakonza foni ya munthu wina, lachiwiri anatuluka osatsanzika, kubwera masana ndi pomwe anasomeka bokosi langa pa monita yake, ndi chingwe chake cha VGA, ine ndili chapatali sindikuona bwino zomwe zikuchitika. Chomwe chikundiwawa mpaka pano nchakuti atangosomeka pa monita yakeyo chithunzi chinayenera kubwera nthawi yomweyo, ndipo munthu woona mtima akanatembenuka nkundiuza kuti kompyuta yanu ilibe vuto, kayang'aneni chingwe kunyumba. Iye ayi, anapitiriza kufomata, kapena kuti kufufuta zonse za mkati, kuika Windows ina, madzulo nkundiitana kuti onani ikuwala, lipirani. Ndinalipira ndi kuthokoza komwe. Mafailo anga anawakopera pambali, pamenepo sindimunamizira, koma mapulogalamu onse ndi madriver onse, timapulogalamu toyendetsa zida monga pulinta, zinapita.

Kufika kunyumba kunja kutada, kusomeka pa monita yanga, No Signal yomwe ija.

Usiku umenewo ndi pomwe ndinachita zomwe ndikanayamba nazo. Ndinadina Caps Lock pa kiyibodi, kagetsi kake kanayaka, kudinanso kanazima. Kagetsi kameneka sikadziyatsa kokha, kiyibodi imatumiza uthenga ku kompyuta kuti batani ladinidwa ndiye kompyutayo ndi imene imayankha kuti yatsa getsi. Ndiye ngati kakuyaka ndi kuzima ndiye kuti kompyuta ili moyo, ikumva, ikuyankha, mbali yolowetsa zinthu ili bwino, vuto lili kotulukira. Zida zonse timasomeka pa kompyutazi zili pawiri, zina ntchito yake ndi kulowetsa monga kiyibodi, mausi, maikolofoni, sikana ndi kamera, zina ndi zotulutsa monga monita, pulinta ndi masipika. Zilipo zochita zonse ziwiri ngati sikirini yogwira ndi chala ija kapena fulashi. Ukadziwa kuti chafa chili mbali iti wachepetsa kale ntchito, sungalole munthu akufomatire kompyuta chifukwa cha sikirini.

Kenako ndinazula ka adaputa kaja nkukaunika ndi tochi ya foni. Timalemba tating'ono kwambiri, mbali ya HDMI analemba Input, kutanthauza kolowera, mbali ya VGA analemba Output, kutanthauza kotulukira, ndi kamuvi koloza. Kanapangidwira kompyuta ya HDMI yopita ku monita ya VGA, ine ndimafuna zotembenuza. Ndipo sikangagwire chobwerera mmbuyo ngakhale mabowo akulowana, chifukwa VGA ndi HDMI sizilankhula chinenero chimodzi. VGA ndi yakale, IBM anaitulutsa mu 1987, imatumiza chithunzi ngati mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika, kufiira pa nthambo yake, kubiriwira pa yake, buluu pa yake. HDMI ili ndi timapini 19 ndipo imatumiza manambala okhaokha, chithunzi ndi mawu pamodzi. Ndiye mkati mwa ka adaputa muli kachipangizo komasulira, ndipo kamamasulira mbali imodzi yokha. Kolondola kwa ine kanali kochokera VGA kupita HDMI, kamakhala ndi kachingwe kena ka USB kokokera magetsi, ma volt 5 aja, ndi kena kosomeka pa bowo lobiriwira la sipika chifukwa VGA sinyamula mawu. Nditakapeza nkusomeka, sikirini inawala pompo. Zakutha mphindi ziwiri.

Werengani kamuvi musanagule. Dzina loyamba pa paketi ndi la kumene chithunzi chikuchokera, lachiwiri ndi la kumene chikupita.

Koma mavuto amene anandisiyira munthu uja anali asanathe. Ndikuti ndilowe mu imelo, kudina Shift ndi 2 kuti pabwere @, pakubwera timakoma tiwiri tam'mwamba tija. Pasiwedi kukanidwa katatu. Ndinatsala pang'ono kunena kuti kiyibodi nayo yafa, koma ayi. Kiyibodi situmiza chilembo, imatumiza nambala ya batani lomwe mwadina, ndiye Windows ndi imene imayang'ana pa ndandanda yake kuti nambala imeneyi ndi chilembo chanji. Kiyibodi yanga ndi ya kalembedwe ka US koma iye poika Windows anasankha ka UK, ndipo pa awiriwa @ ndi timakomato zinasinthana malo. Ngati makalembedwe onse awiri alimo mumangodina batani la Windows ndi Space limodzi nkusankha, ngati mulibe mumakawonjezera ku Settings mbali ya zinenero. Ine ndinachotseratu ka UK kuti kasamabwererenso.

Ndaiwala kunena, pomwe ndinali pabenchi paja anandiuzanso kuti mausi yanu nayo yatha mugule ina, poti kamuvi kamadumphadumpha. Pamwamba pa tebulo lake panali galasi. Mausi za masiku ano pansi pake pali kagetsi ndi kakamera kakang'ono kojambula pomwe yakhala kambirimbiri pa sekondi, nkumafananiza zithunzizo kuti idziwe kuti yasunthira kuti. Pa galasi kapena poterera ponyezimira kamasowa chojambula. Kunyumba ndinangoyala pepala pansi pake, ikuyenda bwinobwino mpaka lero, sindinagule ina.

Pulinta ndiye inandidyera tsiku lina pafupifupi theka. Chingwe chake cha USB, chija mbali ya ku pulinta imakhala ngati kabokosi, chili bwino, getsi layaka, ndikatumiza kalata palibe chikutuluka. Ndinatumiza ka 6 konse. Apa dinani kumanja pa batani la Start mutsegule Device Manager, chida chilichonse chomwe kompyuta ikuchiona koma sikudziwa kulankhula nacho chimakhala ndi kachizindikiro kachikasu kamakona atatu. Pulinta yanga inali nako. Driver ndi kapulogalamu kamene kamamasulira pakati pa Windows ndi chidacho, popanda iko kompyuta imangodziwa kuti pa USB pasomekedwa chinthu, basi. Ndinawerenga nambala ya modelo pathupi pa pulintayo, chilembo ndi chilembo chifukwa mamodelo amafanana kwambiri mayina, nkupita pa tsamba la kampani yomwe inaipanga. Osatenga driver pa masamba ena aja odzaza mabatani akuluakulu a Download, amabwera ndi zinyalala. Onaninso ngati Windows yanu ndi ya 64-bit kapena 32-bit, ine koyamba ndinatenga yolakwika inakana kulowa, intaneti yapita pachabe.

Driver italowa ndinalakwitsa chinthu chimodzi, sindinafufute zomwe zinali pa mzere. Makalata onse 6 aja anali akudikira, pulinta itangodzuka inayamba kuwalavula onse, mapepala ndi tona, ufa wolembera uja, kuwonongeka ine ndikuthamangira batani loimitsa. Ndiye musanayese, tsegulani mzere wa pulintayo mufufute zonse. Zikakana kufufutika, tsegulani Services, pezani Print Spooler, iyimitseni nkuyiyatsanso. Onaninso kuti pulinta yanu ndi imene yasankhidwa, chifukwa Windows yatsopano nthawi zina imakhala italoza pa Microsoft Print to PDF, iweyo kumadikira pepala pomwe iyo ikukufunsa dzina la failo. Yanga ndi ya laser, pepala limatuluka lofunda chifukwa tona ndi ufa, kuwala kumajambula zolembazo pa dilamu, ufa nkumamatira pamenepo, kenako umawotcheredwa pa pepala, ndiye kufundako musadabwe nako. Ndipo pulinta yanga ili ndi sikana pamwamba, imeneyo ndi mbali yolowetsa, inafuna pulogalamu yake payokha. Kupulinta kunatheka koma kusikana kunakana mpaka nditaika paketi yonse ya madriver, osati kaja kakang'ono.

Mawu nawo ndinawasowa kwa kanthawi. Bowo lobiriwira ndi limodzi, ndipo ndinali nditasomekapo kachingwe ka adaputa kotengera mawu ku monita, chonsecho monita yanga ilibe masipika mkati. Ndinazula nkubwezerapo masipika anga. Lobiriwira ndi lotulutsa mawu, la pinki ndi la maikolofoni, la buluu ndi lolowetsa mawu ochokera ku chida china, ndipo mapulagi ake ndi ofanana kukula ndiye kumdima kuseri kwa tebulo nkosavuta kusokoneza.

Ndinabwererako kwa munthu uja patapita masiku awiri, ka adaputa kolakwika kali m'manja. Ndinamufunsa kuti achimwene, mutasomeka pa monita yanu chithunzi sichinabwere musanafomate? Anayang'ana kumbali nkuti Windows inali yotopa kale imeneyo akulu, takuthandizani. Ndalama sanabweze, ndipo mpaka pano ndikuikabe mapulogalamu anga amodziamodzi madzulo ndikaweruka. Ndiye ndikubwerezanso, sikirini ikada dinani kaye Caps Lock, bwerekani chingwe china kapena yesani pa TV ngati mabowo akugwirizana, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi kuti mudziwe chomwe chasintha. Zikakanika zonsezo nkumapita kwa wokonza, tengani monita, chingwe ndi adaputa yomwe, ndipo imani pafupi pomwe akusomeka muone nokha chomwe chabwera pa sikirini asanakhudze Windows yanu.