Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo la 14: Mmene Ndinadziwanirana ndi ZEO

M'gawo lapitali ndinakusiyani nditangolembedwa kumene ntchito yoyang'anira webusaiti ya bungwe lina. Lero ndikusimbirani za ntchito yoyamba imene inandipangitsa kudzimva kuti ndine munthu wa ma seva: kuika pulogalamu yotchedwa ZEO pa webusaitiyo.

Webusaitiyo inkayendera Plone, pulogalamu yosungira ndi kufalitsira zolemba pa intaneti imene anaiyambitsa Alexander Limi, Alan Runyan ndi Vidar Andersen, ndipo inatuluka mu 2001. Plone imakhala pamwamba pa Zope, pulogalamu yoyendetsera mawebusaiti, yomwe kampani ya Digital Creations inaimasula mu 1998 kuti aliyense aigwiritse ntchito mwaulere. Pansi pa zonsezi pali ZODB, database imene Jim Fulton anaithera zaka zambiri akuikonza. Ine ndinafika ndikudziwa ma database a matebulo ndi SQL okha, choncho ZODB inandidabwitsa. Mulibe matebulo mmenemo. Tsamba lililonse, foda iliyonse, munthu aliyense wolembetsa, zonse ndi ma object a Python (chilankhulo cholembera mapulogamu), ndipo zimasungidwa mmene zilili m'fayilo imodzi yotchedwa Data.fs. Mukasintha chinthu, chakalecho sichifufutidwa. Chatsopano chimangowonjezeredwa kumapeto kwa fayilo. Ndi chifukwa chake mu Zope mumatha kubweza zomwe mwasintha dzulo.

Vuto lathu linali lakuti fayilo imeneyi imatsegulidwa ndi process imodzi yokha, kutanthauza pulogalamu imodzi imene ikuyenda. Ikaitsegula imaikapo loko, ndipo pambali pake mumaona kafayilo ka Data.fs.lock. Nayonso Python, chifukwa cha loko yake ya mkati yotchedwa GIL, sinkalola process imodzi kuyendetsa code yake pa ma core (zigawo za purosesa) angapo nthawi imodzi. Ndiye seva yathu inali ndi ma core okwanira, koma ukayang'ana pa top, pulogalamu yoonetsa mmene seva yatanganidwira, unkaona imodzi ikutuluka thukuta, zinazo zili phee. Mkonzi wina akasuntha foda yaikulu, catalog (ndandanda yofufuzira zolemba) n'kuyamba kulembanso zonse, aliyense wotsegula webusaitiyo ankadikira. Tikafuna kuika code yatsopano, tinkazimitsa webusaiti yonse.

Panali mkulu wina amene anagwira ntchito imeneyi kale ine ndisanabwere, ndipo ankandithandiza akapeza mpata. Nditamufotokozera, sanachedwe.

"Mphwanga, mwaika ZEO?"

"Ayi achimwene, ndangoimva dzina."

"Kaiwerengeni. Mukamvetsa chifukwa chake ilipo, kuiika si ntchito."

Ananena zoona. ZEO, kutanthauza Zope Enterprise Objects, ndi seva yaing'ono yomwe ntchito yake ndi imodzi: ndiyo yokha imagwira Data.fs, ndipo ma Zope ena onse, omwe timawatcha ma client, amapempha ma object kwa iyo kudzera pa netiweki. Loko ali pomwepo, koma tsopano wagwira kiyi ndi mmodzi amene amatumikira onse.

Kuiikako kunali kwachidule. Nthawi imeneyo zonse tinkazichita ndi buildout, pulogalamu yomwe imaika zinthu motsatira zomwe mwalemba m'fayilo ya buildout.cfg. Mu buildout.cfg ndinawonjezera chigawo cha zeoserver chogwiritsa ntchito plone.recipe.zeoserver, n'kuchipatsa adiresi ya 127.0.0.1 pa port 8100. Kenako zigawo ziwiri za ma client, za plone.recipe.zope2instance, china pa 8080 china pa 8081, zonse zili ndi zeo-client = on ndi adiresi ya seva ija. Ndinaonetsetsa kuti mafoda a var/filestorage ndi var/blobstorage ndi a user amene amayendetsa Plone, osati root (user wamphamvu zonse pa seva), chifukwa mukangoyatsa kamodzi ngati root mafayilo amasintha mwini, mawa lake seva n'kukana kudzuka. Ndinayendetsa bin/buildout, n'kuyatsa zeoserver poyamba, ma client pambuyo.

Ndinatsegula mawindo awiri a browser moyandikana, lina pa 8080 lina pa 8081. Kumanzere ndinasintha mutu wa tsamba lina n'kusunga. Kumanja ndinadina refresh, mutu watsopano uja n'kutulukira. Ndinasinthanso kumanja, kumanzere n'kuoneka. Ma process awiri osadziwana, aliyense ndi memory yake, akuona chinthu chimodzi. Ndinasangalala kwambiri, ndipo ndinafuna kudziwa kuti zikutheka bwanji.

Chinsinsi chake ndi mauthenga a invalidation. Client iliyonse imasunga ma object amene yawerenga kale pamalo otchedwa cache kuti isamavutitse seva pa chilichonse. Client ina ikasintha object n'kupanga commit (kusunga zosinthazo mu database), ZEO imauza ena onse kuti object yakutiyakuti yomwe mwasunga yatha ntchito, itayeni. Sikuti imawatumizira yatsopanoyo ayi. Aliyense amadzaipempha yekha akaifuna. Nditamvetsa zimenezi, zinthu zambiri zomwe ndinkaziona ngati matsenga zinayamba kumveka.

Pa cache pomwepa ndi pamene ndinathera nthawi yochuluka, ndipo ndikuona kuti ndi pamene anthu ambiri sapamvetsa bwino. Ma cache alipo awiri. Yoyamba ili mu memory, imaikidwa ndi zodb-cache-size, ndipo nambala yomwe mumalembayo si ma megabyte, ndi chiwerengero cha ma object. Chinanso, thread iliyonse (kanjira ka m'kati mwa client kotumikira pempho limodzi pa nthawi) ili ndi cache yakeyake. Mukakhala ndi ma client anayi, iliyonse ma thread awiri, ndiye kuti ma cache alipo 8, ndipo mukakweza nambala ija mosaganiza RAM imatha, seva n'kuyamba kukwawa pa swap, kutanthauza kugwiritsa ntchito disk m'malo mwa RAM. Yachiwiri ili pa disk ya client, imaikidwa ndi zeo-client-cache-size, ndipo iyi ndiye imawerengedwa m'ma byte. Ine ndinkakweza pang'onopang'ono, n'kumayang'ana mu Control Panel ya Zope kuti ma object angati akuwerengedwa kuchokera ku database pa mphindi iliyonse. Nambalayo ikatsika n'kukhazikika, ndinkasiya pomwepo. Ndinafika pokonda ma client ambiri okhala ndi ma thread ochepa, kusiyana ndi client imodzi yodzaza ma thread, ndipo mpaka lero maganizo anga ndi omwewo.

Zithunzi ndi ma PDF sizikhala mu Data.fs. Kuyambira pa Plone 4, ya mu 2010, zimapita ku foda ya blobstorage. Ngati ZEO ndi ma client ali pa kompyuta imodzi, mumaika shared-blob = on, onse n'kumawerenga foda imodziyo mwachindunji. Akakhala pa makompyuta osiyana, mumawagawira fodayo kudzera pa NFS, njira yogawana mafoda pa netiweki, kapena mumazimitsa shared-blob kuti mafayilo azidutsa pa ZEO. Mukasokoneza apa, masamba amatseguka bwinobwino koma zithunzi zili zosweka, log itadzaza POSKeyError.

Chimene mkulu uja anandigogomezera kwambiri chinali chitetezo. ZEO ikangoikidwa mmene imabwerera, siifunsa password. Aliyense amene angafike pa port 8100 atha kuwerenga ndi kulemba database yonse. Ndi chifukwa chake ndinaiika pa 127.0.0.1, ndipo pamene tinadzasamutsira ma client ena ku kompyuta yachiwiri, firewall inkalola ma adiresi awo okha. ZEO 5 inabwera ndi SSL, njira yobisira mauthenga pa netiweki, koma ngakhale zili choncho sindingaike port imeneyi poyera pa intaneti.

Patapita nthawi pang'ono, log inayamba kuonetsa ConflictError mobwerezabwereza. ZODB siitsekera anthu pakhomo akamawerenga kapena kusintha zinthu. Imalola aliyense agwire ntchito yake, n'kudzayang'ana pa commit. Awiri akasintha object imodzi nthawi yofanana, woyamba amapambana, wachiwiri amabwezedwa, ndipo Zope imayesanso pempho lakelo mpaka katatu isanamuonetse munthu error. Ma conflict apo ndi apo ndi abwinobwino. Athuwa anali ochuluka, ndipo onse ankaloza object imodzi. Nditalondola ndinapeza kachidutswa ka code kakale kamene kankawerenga alendo: munthu aliyense akatsegula tsamba, kankawonjezera 1 pa nambala ina mu database. Kutsegula tsamba kulikonse kunali kukusanduka kulemba, ndipo kulemba kulikonse kunkatumiza invalidation kwa ma client onse. Pali BTrees.Length, yomwe anaipangira ntchito ngati imeneyi chifukwa imadziwa kuphatikiza yokha zowonjezera ziwiri zikawombana. Komabe ndinaona kuti kuwerenga alendo si ntchito ya ZODB, ma log a nginx, seva yolandira alendo a webusaiti, amaichita kale. Nditachotsa kachidutswako, log inakhala bata.

Kutsogolo kwa ma client ndinaika HAProxy kuti izigawa alendo. Kuyambira pamenepo, poika code yatsopano ndinkazimitsa client imodzi, inzake ikugwira ntchito, kenako n'kusinthana, ndipo palibe amene ankadziwa kuti chinachake chachitika. Ndinasunganso client ina yosalandira alendo, ya ine ndekha. Ukalemba bin/client3 debug umapeza prompt ya Python, database yamoyo ili m'manja mwako pa dzina lakuti app, webusaiti ikuyendabe. Ndinkayenda m'mafoda, kutsegula ma object, kuona mkati mwake, podziwa kuti palibe chosungika mpaka nditalemba transaction.commit(). Zambiri zimene ndikudziwa za Plone ndinaziphunzirira pa prompt imeneyo.

Paja ndinati Data.fs imangokula. Kuti isadzaze disk pali zeopack, yomwe imachotsa zakale n'kusiya za masiku amene mwaiuza. Muyenera kudziwa kuti mbiri yobwezera zinthu ya masiku apitawo imapita nayo limodzi, komanso kuti pa nthawi ya pack pamafunika malo owonjezera, poti fayilo yakale imatsala ngati Data.fs.old. Za backup pali repozo. Popeza fayiloyo imakula kumapeto kokha, repozo imangokopera chidutswa chatsopano, ndipo pack ikachitika imatenganso fayilo yonse. Koma repozo siikhudza blobstorage. Fodayo muyenera kuikopera padera, kapena mugwiritse ntchito collective.recipe.backup yomwe imachita zonse ziwiri. Ndinazolowera kutenga backup, kuibwezeretsa pa kompyuta ina, kuyatsa Plone ndi kutsegula zithunzi zingapo ndi maso anga. Ndinkachita zimenezi chifukwa m'fayilo imeneyo munali ntchito ya anthu ya zaka zambiri, ndipo anandidalira kuti ndiisunge.

ZEO ili ndi malire ake. Sevayo ndi imodzi, ikagwa ma client onse amaima. Ofuna zoposa pamenepo amapita ku RelStorage, ya Shane Hathaway, imene imasunga ma object omwewo mu PostgreSQL kapena MySQL. Ife sitinafike poifuna. ZEO inatitumikira mokhulupirika mpaka Plone 5.2 itatuluka mu 2019, nkhani yosamukira ku Python 3 n'kutipeza, Data.fs yonse ikufunika kudutsa mu zodbupdate, chida choisinthira kuti igwirizane ndi Python 3. Imeneyo ndi nkhani ya gawo la 15.