Nthano yanga ya AI ndi zimene ndinapeza kwa ELIZA

Sabata zitatu tsopano ndikulimbana ndi nthano imene tinapatsidwa m'kalasi yathu ya zolembalemba. Anatiuza kuti tipeke nkhani yopatsa nthumanzi, mtundu uja umene choopsa chimakhala m'mutu mwa munthu, ndipo ikhudze AI (makompyuta otsanzira nzeru za munthu) komanso kudalira makina.

Poyamba ndinalemba za loboti yolusa imene inatsekera bwana wake m'nyumba. Mnzanga atawerenga anangoseka. Akuti loboti yangayo ndi fisi wa m'nthano za agogo, kungoti ndamuveka malata. Zinandiwawa, koma sananame.

Ndiye ndinayamba kufufuza, mpaka ndinakumana ndi ELIZA. Iyi inali pulogalamu ya pakompyuta imene Joseph Weizenbaum anapanga ku yunivesite ya MIT, ku America, ndipo anafotokoza za iyo mu 1966. Inkatsanzira dokotala wa maganizo. Nzeru inalibe n'komwe. Inkangotola mawu ena pa zimene walemba, n'kukubwezera ngati funso. Ukadandaula za mayi ako, iyo inkakupempha kuti unene zambiri za banja lako. Basi.

Koma chimene chinandichititsa tsemwe ndi ichi: sekilitale wa Weizenbaum yemweyo, amene ankaona ndi maso ake abwana ake akupanga pulogalamuyo, atacheza nayo pang'ono anawapempha kuti atuluke m'chipindamo. Ankafuna kulankhula nayo paokha. Ankadziwa bwinobwino kuti mulibe munthu mmenemo, komabe anafuna kucheza nayo mwachinsinsi. Weizenbaum zinamudetsa nkhawa kwambiri, moti mu 1976 anatulutsa buku lochenjeza za kupatsa makompyuta ntchito zofunika chiweruzo cha munthu.

Apa m'pamene ndinaona pamene ndinaphonya. Ine ndinkalimbana ndi kupatsa makina mtima woipa, pamene munthu amene akuwagwiritsa ntchitoyo ndinamusiya wopanda kanthu.

Lachinayi lapitali magetsi anazima tsiku lonse, foni n'kuthima. Ndinabwereka ya aneba kuti ndiimbire amayi kumudzi, koma chala chinangoima. Nambala ya amayi anga enieni sindiidziwa pamtima! Ndinachita manyazi, koma pobwerera kunyumba nkhani yatsopano inali itamera kale.

Tsopano mwininkhani wanga ndi mayi wamasiye amene amauza AI ya mufoni mwake chilichonse: ngongole zake, mankhwala amene amamwa, mikangano ndi achibale a malemu mwamuna wake. Amasiya kusunga zinthu m'mutu chifukwa foni imamukumbutsa. Tsiku lina foniyo ikumuuza kuti iye mwini anavomera kugulitsa malo a ana ake, ndipo ikumuwerengera tsiku ndi ola. Iye sakukumbukira. Kodi akanaitsutsa ndi chiyani, poti ngakhale tsiku limene anaika maliro a mwamuna wake amachita kufunsa foni yomweyo?

Chovuta chimene ndatsala nacho n'choti owerenga asadziwe msanga amene akulakwitsa. Ndikangoonetsa kuti foniyo ikunama, ndabwereranso kwa fisi uja. Ndikanena kuti mayiyo wazungulira mutu, ndamulakwira. Ndime yomaliza ndailemba kanayi, ndipo pano ikuthera pamene mlamu wake akugogoda pachitseko ali ndi mapepala m'manja, iye akufunsa foni ngati atsegule. Lolemba ndikapereka kwa aphunzitsi.