Akavalo 13 pa chipilala cha ku Gettysburg

Teremu ino pa phunziro la mbiri tinauzidwa kuti aliyense asankhe chipilala chimodzi cha nkhondo, achiwerenge ngati chikalata chakale, kenako afotokoze zimene chikunena ndi zimene chasiya. Anzanga ambiri anathamangira ziboliboli za akuluakulu a nkhondo. Ine ndinatenga kachipilala ka ku Gettysburg, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, kokumbukira gulu la mizinga la Battery A, 2nd U.S. Artillery. Ndagwiritsa ntchito zithunzi zake ndi mapu a malowo.

Ndi mwala woima, pamaso pake pali chitsulo cha mkuwa cholembedwa mawu, ndipo uli pamtunda wa McPherson Ridge, m'mbali mwa msewu wa Chambersburg Pike, kumadzulo kwa tauni. Ku Gettysburg kuli zipilala ndi zikwangwani zopitirira 1,300, choncho kameneka n'kosavuta kukadutsa osakaona. Mawu ake ndi ouma ngati lipoti la ku ofesi. Akuti gululi linali ndi mizinga 6, mtsogoleri wake anali Lt. John H. Calef, ndipo mzinga woyamba wa asilikali a boma, otchedwa Union, pa nkhondo ya ku Gettysburg unalira kuchokera m'gulu lomweli m'mawa wa pa 1 July 1863. Kumapeto kuli mzere wa zimene anataya: anthu 12 anavulala, akavalo 13 anafa.

Mzere wa akavalowu ndi umene unandigwira. Bwanji kuwerengera ziweto pamwala wokumbukira anthu?

Yankho lili pa kasiyanidwe ka magulu a mizinga pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865. Mzinga uliwonse wa m'thengo unkakokedwa ndi akavalo, kawirikawiri 6, omangidwa awiriawiri. Koma m'magulu wamba, anthu oombera ankayenda pansi, kapena pakakhala changu ankakhala pamabokosi a zipolopolo. Gulu lotere linkayenda pa liwiro la munthu. Gulu la Calef linali la mtundu wina: aliyense anali ndi kavalo wakewake, kuti mizinga izithamanga limodzi ndi asilikali apakavalo. Amafika, amamasula mzinga kungolo yake, amautembenuza, amaomba, ndipo adani asanawapeze bwino amakhala atamanganso n'kusamukira pena. Mzinga wake unali wa kukamwa kwa mainchesi 3, wosulidwa ndi Phoenix Iron Company ku Phoenixville. Mpope wake wokha unkalemera pafupifupi makilogalamu 370, ndipo pa mizinga ya nthawiyo umenewo unali wopepuka. Ndiye kavalo akagwa ali m'zingwe, ngolo yonse imaima mpaka wina adule zingwezo, uku zipolopolo zikugwa. Akafa ambiri, mzinga umatsalira adani, chimene kwa asilikali a mizinga chinali chamanyazi kwambiri. N'chifukwa chake adani ankalunjika dala pa akavalo.

Tsikulo ntchito yawo inali yochedwetsa adani. Gen. John Buford wa mbali ya Union anafika ku Gettysburg pa 30 June ndi magulu awiri a asilikali apakavalo, a William Gamble ndi a Thomas Devin, pamodzi ndi mizinga ya Calef. M'mawa mwake asilikali oyenda pansi a Henry Heth, a mbali ya Confederate, ya zigawo za kummwera zimene zinapatukana ndi boma, anatulukira pa Chambersburg Pike, ochuluka kuposa iwo. Buford anatsitsa anthu ake pa akavalo kuti amenye ali pansi, ndipo mwa anayi alionse mmodzi ankatsala kumbuyo atagwira zingwe za akavalo a anzake. Anthu ochepa kalewo anachepanso.

Chimene chinandisangalatsa pamapu ndi kaikidwe ka mizinga ija. M'malo moisanjika pamodzi, anaigawa iwiriiwiri: iwiri kudzanja lamanja la msewu, iwiri kumanzere, iwiri ina kutali chakummwera kufupi ndi msewu wa ku Fairfield. Woona utsi ukufuka malo atatu angaganize kuti kutsogoloku kuli mizinga yambiri. Anagwira malowo mpaka cha m'ma 10 koloko, pomwe asilikali a Union a Gen. John Reynolds anafika ndipo gulu la mizinga la Capt. James Hall la ku Maine linalowa m'malo mwawo. Reynolds yemweyo anaphedwa m'mawa womwewo. Maola ochepawo anathandiza kuti zitunda za kummwera kwa tauni, monga Cemetery Hill, zitsale m'manja mwa Union, ndipo ndi pamenepo pomwe nkhondo ya masiku awiri otsatirawo inamenyedwera.

Pafupi pomwepo pali chiboliboli cha Buford chimene anachiimika mu 1895, ndipo m'munsi mwake anaikamo mipope inayi ya mizinga. Umodzi, wa nambala 233, ndi umene amati unaomba koyamba. Buford sanachione, anamwalira ndi matenda mu December 1863.

Za zimene mwalawu wasiya, sindichedwapo. Mayina a anthu 12 aja palibe. Chifukwa chimene ankamenyerana, nkhani ya ukapolo ndi kupatukana kwa zigawo za kummwera, palibenso. Ndikuona kuti olemba anafuna mawu oti msilikali wakale wa mbali iliyonse awerenge osakwiya. Kwa ine kukhala chete kumeneko n'kusankha, osati kuiwala, ndipo ndalemba choncho.

Mzere wa pa 2 July ndi waufupi: gululi linanyamuka ndi Buford kupita ku Taneytown, ulendo wa ku Westminster m'chigawo cha Maryland. Kuwerenga mothamanga ungati nkhani yathera pamenepo. Koma anachotsedwa nkhondo ili mkati, kuti akalondere ngolo za katundu komanso kuti akavalo otopa ndi anjala akapume. Pamalo pomwe ankalondera, kumapeto kwa mzere wa Union chakumanzere, sipanabwere msanga apakavalo ena olowa m'malo. Gen. Daniel Sickles wa Union, ataona mbali yake ili pambalambanda, anasunthira asilikali ake kutsogolo mpaka kumunda wa mapichesi popanda chilolezo cha Gen. George Meade, mkulu wa asilikali onse a Union pamalopo, ndipo madzulo a tsikulo anthu a James Longstreet, wa mbali ya Confederate, anawaphwanya kumeneko. Zifukwa za Sickles zinalipo zingapo ndipo akatswiri amatsutsanabe, koma kuchoka kwa Buford kuli m'gulu la zifukwazo.